Achimwene Merv ndi Khadi la Mafani Atatu

Achimwene anga, a Merv Radisich, amayendetsa thiraki Lamlungu lililonse masana, koma thirakiyo ilibe tayala ngakhale limodzi, ndipo sinatulukepo m'shedi ya kuseri kwa nyumba yathu kuno ku Boulder, tauni ya migodi. Sekani ngati mukufuna. Inenso ndinkaseka mpaka nthiti kuwawa, koma ndinasiya.

Ine ndine Glenys, mlongo wawo wamng'ono. Amuna anga atamwalira ndinabwerera m'nyumba imene tinakuliramo, ndipo a Merv ndinawapeza momwemo, okhaokha, akudya payi ya nyama yozizira ataimirira pa sinki ngati munthu amene akumuthamangitsa. Akazi awo anachoka kalekale, popanda ndewu. Anangotopa kulimbirana mwamuna ndi msewu. Bambo athu ankafuna kuti mwana wawo alowe mumgodi ngati iwowo, koma a Merv anatsikako kamodzi kokha, n'kutuluka akunena kuti munthu sakwiriridwa asanafe. Kuyambira pamenepo moyo wawo unali pa chiwongolero. Ananyamula mafuta, ng'ombe, zitsulo za kumigodi, ngolo zitatu zili kumbuyo, kuchoka kuno mpaka kumpoto kwenikweni kumene wayilesi imangolira phokoso lokhalokha. Zaka zonsezo sanagundepo galimoto ya munthu. Makangaru, nyama zodumphadumpha za kutchire kuno, musawawerengere, amenewo amachita kudziponya okha.

Kenako kunabwera nkhani ya maso. Dokotala woyeza madalaivala anapeza kuti kutsogolo akuona bwinobwino, koma m'mbali mwayamba kuda, makamaka kumanzere. Laisensi inathera pomwepo. Tsiku limenelo anakhala pakhonde osavula n'komwe nsapato mpaka dzuwa kulowa. Miyezi yotsatira anasanduka munthu wongozungulira m'nyumba, kutsegula furiji, kutseka furiji, kundifunsa ine chifukwa chake masupuni ndimaika uku osati uko. Ndikukuuzani, ndinatsala pang'ono kuwathira madzi otsukira mbale.

Amene anatipulumutsa tonse awiri ndi Wiremu, mnzawo wakale wapamsewu, chimunthu cha ku New Zealand chimene pano chimakhala ku Geraldton ndi bondo lachitsulo. Iyeyo ndiye anawauza za masewera apakompyuta oyendetsa mathiraki. Umakhala kwanu, mnzako kwawo, koma pa sikirini muli pamsewu umodzi, wina kumbuyo kwa mnzake, mukuyankhulana ngati pawayilesi. Panali kale kagulu ka madalaivala opuma, ena odwala msana, ena a mtima, kamene kankayenda mdipiti Lamlungu lililonse. A Merv anayamba n'kunyoza. "Zidole za ana izo." Mwezi usanathe, mpando wa thiraki yakale unali utamangidwa ndi mabawuti pansi m'shedi, chiwongolero patebulo, zopondera pansi pake, ndi maikolofoni ya m'manja ya chingwe chopotanapotana chija, poti ati mahedifoni ndi a anthu oyankha mafoni kubanki.

Ndipo musaganize kuti amasewera. Ayi ndithu, amakhala ali pantchito. Amavala shati yantchito, amadzaza tiyi m'fulasiki, amapukuta fumbi lofiira pagalasi la sikirini asanalize injini. Sapyola liwiro lololedwa, ngakhale apolisi a mmenemo ndi ojambula chabe. Pakati pa ulendo mdipiti wonse umaima m'mbali mwa msewu, aliyense kwawo n'kumamwa tiyi weniweni uku akunamizana za kale. Ine ndimawapititsira masikono nthawi imeneyo, ndiye mawu a onsewo ndimawadziwa, poti amatulukira pa sipika. Sipanatenge nthawi anzawo anawaika patsogolo. Wotsogolera ndiye amaona njira, amachenjeza za makona, amanena pokhotera. Ntchito imeneyi inawabwezera thupi achimwene. Anayambanso kuimba mluzu posamba, nyimbo yake imodzimodzi, yoipa, koma ine ndinkaimva ngati kwaya.

Vuto linayamba chilimwe chathachi, eni masewerawo atawakonzanso kuti mitengo, mvula ndi mithunzi zizioneka ngati zenizeni. Kompyuta ya a Merv, imene anagula kwa munthu itatumikira kale, inayamba kubanika. Chithunzi chinkati chayenda, chaima, kenako chadumpha. Lamlungu lina chinaima pakona penipeni, ndipo pamene chimadzabwerera thiraki yawo inali itapingasa msewu, anzawo onse ataunjikana kumbuyo ngati zitini zakudzala. Sabata yotsatira anakhula kagalimoto kakang'ono kumanzere polowa mu raundabauti.

"Mdala," anatero Wiremu pa sipika, "khadi lako la zithunzi lakalamba kuposa iweyo. Gula lina, apo ayi tonse tikathera kuchipatala chojambula."

Onse anaseka, a Merv anaseka nawo. Anati ayamba apuma kaye mpaka makinawo atakonzedwa, ndipo Bev, mayi wa ku Esperance amene kale ankanyamula tirigu, agwirizire kutsogoloko.

Lolemba ndinawatengera kwa Farida, mayi amene ali ndi kashopu ka makompyuta mtauni, pafupi ndi ogulitsa nsomba ndi tchipisi. Ndinkayendetsa ndine, iwo atakhala pambali akuponda mabuleki amene kulibe. Farida anamvetsera nkhani yonse, n'kuika mabokosi awiri pakauntala. Anatulutsa zam'katimo kuti tione. Khadi lake, kwa inu amene muli ngati ine, ndi chitsulo cha mafani chimene chimalowa m'mimba mwa kompyuta, ndipo ndicho chimajambula zonse zooneka pa sikirini.

"Awa ndi amene angakukwaneni, bambo Radisich," anatero Farida. "Mtima wake ndi umodzi, angosiyana opanga. Onse awiri anawakweza liwiro ku fakitale komweko."

Nkhope ya achimwene inasintha. "Anawakweza liwiro? Ndiye kuti injini anaikoka kupyola pamene inapangidwira? Mayi, ine ndinaonapo anyamata akuchita zimenezo pa mathiraki. Mwezi uno akuuluka, mwezi wamawa ali m'mbali mwa msewu akuitana amayi awo."

"Izo ndi za amakaniko a pansi pa mtengo. Awa anakweza ndi eni ake, anawayesa, ndipo likapsa amakupatsani lina."

Limodzi linali chinthu chachitali ngati mkono wangawu, mafani atatu, ndi timagetsi tosinthasintha mitundu. Limenelo ndiye analikweza kwambiri. Linalo linali lalifupi, lakuda bii, mafani awiri, lopanda zokometsera, analikweza pang'ono chabe, ndipo mtengo wake unali wotsikirapo. A Merv anawapatsa mayina pomwepo: Chimphona ndi Kafupi.

"Nanga pamsewu amasiyana bwanji?" anafunsa.

"Mukufuna ndikunamizeni kuti ndigulitse lodulalo?" anatero Farida. "Pa masewera anuwo kusiyana kwake simungakuone ndi maso. Chimphona chimazizira bwino, Kafupi kamalowa paliponse. Nkhani yonse ndi imeneyo."

Ine mumtima ndinati zatha, titenge limodzi tizipita, ndasiya zochapa m'makina. Ha! Ndinaiwala kuti ndabwera ndi ndani. Achimwene anati ayambe akayeza kaye bokosi la kompyuta, chifukwa munthu sagula ngolo asanayeze geti.

Anakayeza. Chimphona chinkakwana, kutsala malo a chala chimodzi. Anadula makatoni awiri, lina msinkhu wa Chimphona, lina wa Kafupi, n'kumawalowetsa ndi kuwatulutsa m'bokosimo ngati akuyesa nsapato. Anapachika choyezera kutentha pakhoma la shedi. Anayamba kuonera mavidiyo a anyamata akunja oyesa makhadi, uku akukangana nawo mokweza ngati akuwamva.

"Taona uyu, Glenys! Akuyesera m'chipinda chozizira, wavala juzi! Abwere adzayesere muno mu Januwale, malata akulira, ntchentche zikukomoka zokha."

M'mawa ankadzuka ali mbali ya Kafupi. Ati chinthu chosadzionetsera ndiye chimakhalitsa, timagetsi timeneto ndi chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Pofika madzulo anali atasamukira kwa Chimphona, ati radiyeta yaikulu sinaphepo munthu. Mawa lake nkhani inali ya fumbi: mafani atatu ndiye kuti akoka fumbi lochuluka, ndipo fumbi la kuno mukulidziwa, limalowa ngakhale m'botolo lotseka. Mkuja wake inali ya phokoso. Tinabwerera kushopu kuja kangapo, mpaka Farida akangoona galimoto yathu ankayamba kuteleka ketulo. Munthu wopirira ameneyo, ine ndikanawaponyera mabokosi onse awiri kumutu.

"Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada," ndinawauza tsiku lina tikubwerera chimanjamanja.

"Yang'ana kutsogolo, iwe. Wayandikira kwambiri basi iyo."

Poyamba zinkandiseketsa. Koma Malamlungu ankapita, shedi ili chitsekere. Wiremu ankaimba foni, iwo n'kumuuza kuti akufufuzabe. Mluzu uja unatha. Furiji inayambanso kutsegulidwa ndi kutsekedwa. Ndiye Lamlungu lina masana, nthawi yeniyeni ya mdipiti, ndinawapeza m'khitchini atakhuthula dirowa yanga ya masupuni patebulo, ati akuikonza. Pamenepo ndiye ndinaphulika.

"Achimwene, inu! Ndalama muli nazo. Bokosi mwaliyeza mpaka tepi yafufutika manambala. Farida wakuuzani kuti onse ndi abwino. Chikukuvutani n'chiyani? Akazi anu simunatenge nthawi yaitali chonchi powasankha!"

"Mwina n'chifukwa chake anachoka."

"Musandizembe. Ndikufunsa."

Anayamba kutembenuzatembenuza kasupuni ka tiyi m'manja. Kumgodi anaphulitsa, mawindo ananjenjemera monga mwa nthawi zonse, n'kukhalanso bata.

"Glenys," anatero motsitsa mawu, "kagalimoto kaja ndinakakhula ku raundabauti kaja. Sindikudziwa ngati chithunzi chinaima. Mwina chinaima, mwina ayi. Ine sindinakaone basi." Anaika kasupuni kaja pansi. "Panopa ndikalakwitsa, onse amati ndi khadi. Nanga ndikaika latsopano n'kulakwitsanso, adzati n'chiyani? Pamsewu weniweni anandichotsa ndi anthu. Apa ndidzadzichotsa ndekha. Sindingadikire kuti anzanga azivutika kusowa poyambira kundiuza."

Ndinamva chisoni, abale, chisoni chenicheni cholasa pamtima. Munthu wamkulu ngati ameneyu, amene ankadutsa chipululu yekha ndi ng'ombe zodzaza ngolo, kumaopa kabokosi ka pakauntala! Koma ine chisoni chimandituluka ngati ukali, ndi mmene ndinabadwira.

"Ndiye mwaona kuti kuli bwino kudzichotseratu musanayese n'komwe? Mmene mulilimu muli pamsewu? Muli m'dirowa yanga ya masupuni! Ngati ndi kusiya, kasiyireni pa chiwongolero ngati dalaivala, osati m'khitchini mwanga muno."

Anabwezera masupuni onse molakwika, n'kutuluka.

M'mawa mwake ndinawapeza atasamba kale, atakhala m'galimoto akundidikira. Titafika kushopu sanadikire n'komwe tiyi.

"Ndipatseni Chimphona."

"Eee, lero kugwa mvula!" anatero Farida. "Ndiye kutentha kwapambana?"

"Kutentha, inde. Thiraki siifa ndi kuchedwa, imafa ndi kutentha. Komanso ndikufuna lamphamvu kuposa linzake, kuti pasatsale chonamizira."

Farida sanamve chimene ankatanthauza, koma ine ndinamva, ndipo ndinayang'ana kumbali. Mayiyo anati tibweretse kompyutayo atiikire, n'zaulere. Achimwene anachita ngati awatukwana.

"Mayi, ine ndinkasintha giyabokosi m'tchire tochi ili kukamwa. Kakhadi aka kandikanike?"

Analiika Loweruka, ine nditawagwirira tochi, poti kuseri kwa tebulo lija ndi kwamdima ngakhale masana. Kunena chilungamo, manja awo akadali a ntchito. Anazula lakale mosamala, analowetsa Chimphona pang'onopang'ono mpaka chinalira kuti thwa, anamanga zomangira, anatseka bokosi, n'kulumikiza zingwe kumbuyo. Atayatsa, sikirini inawala bwinobwino, ndipo timagetsi tija tinayamba kusinthasintha, kufiira, kubiriwira, shedi yonse kuoneka ngati malo a dansi.

"Zachibwana," anatero. Ine ndinatikonda.

Masewera enieniwo sanawatsegule. Anati adzayesa mawa, lero atopa. Ndinadziwa kuti si kutopa, koma pakamwa ndinatseka, zimene sizichitika kawirikawiri.

Lamlungu titadya chamasana anavala shati ija, anadzaza fulasiki, n'kupita kushedi nthawi ikadalipo, anzawo asanasonkhane. Ndinawatsatira ndi mbale ya masikono ngati chonamizira. Anakhala pampando, anapukuta galasi, analiza injini, n'kutulutsa thiraki pageti la depoti.

Mayo ine! Chithunzi chinali choipa kuposa kale. Chinkayenda ngati munthu wa chidikhodikho, kugwedezeka, kuima, kudumpha. A Merv anavula magalasi, anawapukuta ndi shati, anavalanso. Anayendanso pang'ono. Chimodzimodzi. Anaimika thiraki, n'kukoka handibuleki mwaulemu wake wonse.

"Basi," anatero. "Khadi ndi latsopano, lamphamvu. Ndiye kuti kudumphaku kuli m'mutu mwangamu." Ndipo anayamba kumasula chomangira chiwongolero patebulo.

"Inu, tasiyani chimenecho! Inenso ndikuona! Mtengo uwo wangodumpha ngati chule!"

"Ukungofuna kundisangalatsa."

"Ine kukusangalatsani inu? Ndinayamba liti?"

Pamenepo anasiya kumasula kuja. Ine ndinalanda maikolofoni ija, n'kudina monga ndimawaonera. Ndinkadziwa kuti Wiremu amafika msanga nthawi zonse, poti kwawo alibe womuyankhula kupatula galu.

"Wiremu, uliko? Ndine Glenys. Khadi taika, koma zinthu zikudumpha kuposa kale, ndipo mnzakoyu akupakira katundu."

"Achemwali! Muuzeni mdalayo akhale pansi. Tasuzumirani m'bokosimo, mafani akuzungulira?"

Ndinasuzumira. "Ayi, ali phee onse atatu. Timagetsi tokha ndiye tikuvina."

"Chabwino. Tsopano pitani kumbuyo kwa bokosi. Chingwe chochokera ku sikirini chalowa pati? M'mwamba, pamene pali zingwe zinazo, kapena m'munsi, pa khadi penipenipo?"

Ndinagwada ndi mawondo angawa, amene sagwada ngakhale kutchalitchi. "Chalowa m'mwamba. M'munsimu mulibe mabowo, muli timapulasitiki takuda."

Sipika inatsala pang'ono kung'ambika. Chimunthu chija chinaseka mpaka kutsokomola, galu wake n'kuyamba kuuwa.

"Mdala! Wagula ng'ombe n'kudzimanga wekha pagoli! Khadi lakolo langokhala, likudya magetsi aulere. Timapulasitiki timeneto ndi zotsekera fumbi, mabowo ali kuseri kwake. Zulani kamodzi, achemwali, mulowetse chingwecho pamenepo."

A Merv anafiira mpaka makutu. "Ndinaona bowo limodzi lotsegula, chingwe chinakwana, ndiye..."

"Usachite manyazi, bwanawe, tonse tinadutsamo. Ine ndinayenda mwezi wathunthu chonchobe, ndikuuza aliyense kuti khadi langa ndi moto. Bev ndiye anachita kubweza lake kushopu, akukalipa. Tsopano ndiwe mnzathu weniweni."

"Safunsa anadya phula," ndinatero ndili pansi pa tebulo. "Munthu anakuuzani kuti akuikirani ulere, inu muli giyabokosi, giyabokosi."

"Lowetsa chingwe, iwe, usiye ulaliki."

Ndinazula kapulasitiki ndi chikhadabo, ndinalowetsa chingwe, iwo anazimitsa n'kuyatsanso. Abale inu! Ine zamakompyuta sindizidziwa, koma chimene ndinaona chinali chokongola. Msewu unkayenda myaa, ngati madzi. Udzu unkagwedezeka ndi mphepo. Mafani atatu aja anayamba kuzungulira, kaphokoso kake kapansipansi ngati mphaka wakhuta. Achimwene anamanganso chiwongolero chija, ndipo ndinaona kuti achimanga molimba kwambiri.

Anzawo anayamba kufika mmodzimmodzi, aliyense ndi chipongwe chake, poti Wiremu nkhani ya chingwe anali ataifalitsa kale. Wina anafunsa ngati mdala wakumbukira kulumikiza mpando. Bev anati, "Merv, tenga malo ako kutsogoloku, ine ndatopa kuwerengera anthu akuluakulu zikwangwani." Mdipiti unanyamuka, ulendo wokatula matabwa ku depoti ina ya kutsidya kwa mapiri. Ine sindinabwerere kunyumba. Ndinakhala pa chigubu cha penti kumbuyo kwawo, mbale ili pamiyendo.

Anayendetsa bwino, ndisaname. Mawu awo anabwerera aja akale, odekha, a munthu amene sathamangira kanthu. "Kona yakuthwa kutsogolo, tsitsani giya." "Mlatho wopapatiza, mmodzimmodzi." Pa raundabauti anadikira nthawi yaitali, anatembenuza mutu wonse kuyang'ana uku ndi uku, n'kulowa bwinobwino. Mvula inagwa m'masewera mmenemo, madontho akutsetsereka pagalasi, chithunzi osagwedezeka ngakhale pang'ono. Pa nthawi ya tiyi anadya masikono atatu, n'kunamiza anzawo za ng'ombe ina imene ati inawatsegulira yokha chitseko cha ngolo. Ine mtima unali m'malo.

Zinachitika atanyamukanso. Msewu unali wowongoka, iwo maso ali patsogolo. Kumanzere kunabwera chikwangwani chachikulu chobiriwira cholozera ku depoti, ndi msewu wake wopatuka. Ine ndinachiona. Ndinatsegula pakamwa, koma mawu asanatuluke tinali titadutsa kale. Iwo sanatembenuke n'komwe. Anapitirira ndithu, mpaka kamapu ka pakona ya sikirini kanayamba kuphethira, kakuwauza kuti abwerere.

Ndinaona mapewa awo akugwa. Chithunzi sichinaime, sichinadumphe, ndipo tonse awiri tinkadziwa. Anatenga maikolofoni, koma sanadine. Anayamba ayang'ana kaye pagalasi loonera kumbuyo, mwina kuti aone anzawo akukhota, iwo atatsala okha.

Mathiraki onse anali pambuyo pawo. Onse, mzere umodzi, nyali zikuwala mumvula. Aliyense wa anthu amenewo anali ndi mapu ake, aliyense anachiona chikwangwani chija, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene anakhota.

Achimwene anadina. "Anyamata, ndaphonya pokhotera. Si khadi. Ndine. Kumanzereku sindikuona bwino, ndipo sikudzachira. Wina atsogole."

Ine ndinagwira mbale ija mwamphamvu ngati ndine ndaphonya.

"Tonse taona," anatero Wiremu. "Ndiye?"

"Ndiye ndanena kale. Wina atsogole."

Amene anayankha ndi Bev, ndi mawu ake aja okhala ngati akukalipira mwana wa eni. "Merv, tamvera. Ine ndayendapo kumbuyo kwa anthu a maso awiri abwinobwino amene anakandigwetsera m'ngalande. Za maso akozo tinazidziwa kalekale, ukuganiza kuti ndife ana? Iwe uzitiuza makona, ife tizikuuza za kumanzere. Maso tili nawo ambiri kuno, ongokhala. Tsopano ponda moto, madzulo ano kukubwera adzukulu anga."

"Komanso msewu uwu sitinaupitepo," anatero Wiremu. "Galu wamkota sakandira pachabe. Tiye tikaone kumene ukutitengera."

Achimwene anapachika maikolofoni, anavula magalasi, n'kupukuta nkhope ndi mkono wa shati.

"Fumbi," anatero osandiyang'ana. "Ndinanena ine kuti mafani atatu akoka fumbi."

"Eya, fumbi," ndinatero, poti nanenso linali litandilowa.

Anavalanso magalasi, anasintha giya, thiraki inayamba kukwera phiri, mzere wonse ukutsatira. Patsogolo pang'ono sipika inalira.

"Mdala, kumanzere kwako kukulowa kalavani ya alendo, ikubwera ngati msewu ndi wa agogo ake."

Achimwene anatenga maikolofoni. "Ndamva," anatero, n'kuchotsa phazi pamoto kuti ilowe.